Wailesi yakale yamavalavu itha kuyankhulanso, koma musaithamangire

M'nyumba zambiri muli katundu amene eni ake adatisiya kalekale koma ife mtima sutilola kumutaya. Wina mwa katunduyu ndi wailesi zija zikuluzikulu, za kabati yathabwa kapena yapulasitiki yolimba, zokhala ndi nsalu kumaso ndi galasi lolembedwa manambala ndi mayina a mizinda yakutali. Zina agogo adabwera nazo kuchokera ku Halale kapena ku Joni, zina adagula konkuno atapatsidwa ndalama zopumira pantchito. Lero zangokhala pamwamba pa kabati, zafundidwa kansalu, ndipo ena adazisandutsa poikapo maluwa.

Ndiye limafika tsiku, mwina pamwambo wa chiliza abale atasonkhana, wina n'kunena kuti: "Kodi wailesi ya agogoyi singalirenso? Taiyesani tione." Mnyamata n'kuthamanga kukaisomeka pasoketi. Apo ndiye pamene wailesi zambiri zakale zimafera, ndipo apo ndi pamenenso munthu angafere. Sabata ino tikambirane za momwe mungaidzutsire wailesi yotereyi popanda kuiwotcha, popanda kuwotcha nyumba, komanso popanda kuika moyo wanu pachiswe.

Kodi ndi wailesi yanji imeneyi?

Mukasuzumira kumbuyo kwake mudzaona timabotolo tagalasi titaima ngati mababu ang'onoang'ono. Amenewo ndiwo mavalavu. Valavu yoyamba adaipanga John Ambrose Fleming ku Britain mu 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America adaonjezeramo kawaya kena komwe kadadzachititsa kuti valavu izitha kukweza mawu. M'kati mwa valavu mulibe mpweya. Muli kawaya komwe kamatentha psuu, ndipo valavu siyamba ntchito kufikira itatentha. N'chifukwa chake wailesi zimenezi mukaziyatsa zimayamba zakhala chete kwa theka la mphindi kapena kuposerapo, kenaka mawu n'kumabwera pang'onopang'ono. Si matenda amenewo, ndi chibadwa chake.

Kuno kwathu anthu ambiri akuda adayamba kukhala ndi wailesi zawozawo chifukwa cha kawailesi kamavalavu kotchedwa Saucepan Special, komwe kampani ya Ever Ready ya ku Britain idayamba kugulitsa mu 1949. Adakapatsa dzinali chifukwa kadali kozungulira ngati sefuliya. Kadali ka mtundu wabuluu, ka mavalavu anayi, koyendera batire, ndipo mtengo wake udali mapaundi asanu, batire n'kugula padera. Amene adalimbikitsa kuti kapangidwe adali Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, pofuna kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka yomwe inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Chinyanja chidali chimodzi mwa zilankhulo za pawailesiyo, ndipo Alick Nkhata adatchukira pomwepo. MBC idadzabwera mu 1964, nthawi yomwe wailesi za mathiransisita zidali zitayamba kale kulanda malo a zamavalavu.

Choncho wailesi yamavalavu iliyonse yomwe muli nayo, kaya ndi Bush, Pye, Philips, Murphy kapena Grundig, yapyola zaka 55, ndipo zambiri zadutsa 65. Nkhalamba yomwe yagona nthawi yaitali saidzutsa ndi mpira.

Choyamba ndi moyo wanu

Apa ndisabise mawu. Wailesi za masiku ano zimayendera magetsi ochepa, mwina 6 kapena 12 volts. Yamavalavu imatenga magetsi a m'nyumba, omwe ndi 230 volts, n'kuwakweza kufika 250 mpaka 350 volts m'kati mwake. Magetsi amenewa amapha. Choopsanso china n'chakuti mukaizula pasoketi magetsi sathamo nthawi yomweyo. Muli zitini zotchedwa makapasita zomwe zimasunga magetsi, ndipo zitha kukumenyani patapita mphindi zingapo wailesi itazima.

Malamulo ake ndi awa. Musagwire m'kati pulagi ili pasoketi. Mukazula, dikirani, kenaka yezani ndi mita yoyezera magetsi pamiyendo ya kapasita wamkulu. Mita ikaonetsa kuti magetsi adakalipo, amisiri amawatulutsa polumikiza rezisita pamiyendoyo, osati pogunditsa sikuludiraiva chifukwa zimathetheka moto. Vulani mphete ndi wotchi. Valani nsapato zamphira ndipo musaime pasimenti yonyowa. Ngati pali chofunika kuyeza wailesi ili chiyakire, dzanja limodzi likhale m'thumba kuti magetsi asadutse pachifuwa kuchoka dzanja ili kupita linzake. Musagwire ntchitoyi muli nokha m'nyumba, ana akhale kutali, ndipo ngati mwalawako kamowa dikirani mawa.

Ngati simudagwirepo mita chibadwire, gawo lanu pantchitoyi ndi kuona, kuyeretsa ndi kufunsa mafunso oyenera kwa mmisiri. Si zamanyazi ayi. Safunsa adadya phula.

Werengani zilembo za pamavalavu

Musanachite china chilichonse, pulagi ili kutali ndi soketi, masulani chivundikiro chakumbuyo muwerenge zomwe zalembedwa pamavalavu. Pa wailesi zambiri zochokera ku Ulaya, chilembo choyamba chimakuuzani mtundu wa wailesi yomwe muli nayo.

Mukaona mayina oyamba ndi E, monga ECH81, EF89, EABC80, EL84 ndi EZ80, ndiponso pali thiransifoma yaikulu yolemera pambali, ndiye kuti kawirikawiri wailesiyo ndi yamtundu wofatsirapo. Thiransifomayo imalekanitsa magetsi a pasoketi ndi chitsulo chomwe zipangizo zonse zakhalapo, chomwe amisiri amati chasisi.

Mukaona oyamba ndi U, monga UCH42, UL41, UY41 kapena UL84, chenjerani kawiri. Wailesi zotere, mwachitsanzo Bush DAC90A ya mu 1950, kawirikawiri sizikhala ndi thiransifoma yolekanitsa, ndipo waya mmodzi wa pasoketi amalumikizidwa kuchasisi mwachindunji. Mawaya a pulagi akangosinthana, chitsulo chonsecho chimakhala ndi 230 volts. Yotereyi osayerekeza kuiyatsa kumbuyo kuli kotsegula kapena chotembenuzira china chitachoka n'kutsala kachitsulo poyera. Zina mwa izo zili ndi chotchingira kutentha choyera, chonyenyeka, cha asibesitosi. Fumbi lake ndi loipa m'mapapo, choncho musachikande kapena kuchiuzira.

Mukaona oyamba ndi D, monga DK91, DF91 kapena DL96, imeneyo ndi yamabatire. Tikambapo kutsogoloku.

Si wailesi zonse zomwe zimatsata zilembozi, makamaka za ku America zomwe mayina a mavalavu ake amayamba ndi manambala. Mukakayika, itengeni ngati yamtundu woopsa uja. Onaninso kumbuyo ngati pali kosinthira mphamvu ya magetsi kolembedwa 110, 220 ndi 240. Kakhale pa 240 kapena 230. Wailesi yomwe yaikidwa pa 110 ikalandira magetsi athu imapsa nthawi yomweyo.

Kuyeretsa kofuna kudekha

Musanachotse kanthu, jambulani ndi foni mbali zonse, pamwamba ndi pansi pa chasisi, pafupi ndi patali. Zithunzizo ndizo zidzakukumbutseni kuti waya uja adachokera pati.

M'kati mudzapezamo zambiri: fumbi, mazira a mphemvu, nyumba za mavu, ngakhale chisa cha makoswe. Makoswe ndiwo oipitsitsa chifukwa amatafuna mawaya ndipo mkodzo wawo umadya zitsulo. Tulutsani wailesi pakhonde, mangani kansalu kumphuno, n'kumasesa ndi burashi yofewa yopentera. Madzi ayi.

Pali zinthu zinayi zomwe anthu amaononga poyeretsa. Choyamba ndi galasi lamanambala: zilembo zake zidapakidwa kuseri kwa galasi, ndipo kansalu konyowa kamazifufuta kamodzi n'kamodzi, osabwereranso. Pukutani kumaso kokha. Chachiwiri ndi mayina a pamavalavu, omwenso amachoka mukapukuta mwamphamvu. Zulani valavu imodzi nthawi imodzi, moigwedeza pang'ono, ndipo lembani pomwe mwaichotsa. Chachitatu ndi timapale tachitsulo tolowana ngati zala, tomwe timayenda mukamasaka siteshoni. Kamodzi kakapindika n'kukhudza kanzake, wailesi imangoti khwekhwerere kapena zii. Chachinayi ndi tizomangira tomwe tili pa tizitini tamakona anayi. Anthu amationa ngati tamasuka n'kutimanga. Ayi, si tomangira timeneto. Adatichuna kufakitale ndi makina, ndipo mukatipotokola wailesi yabwinobwino imagontha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'anani nthambo yopita kusoketi. Ngati ndi yamphira wakale kapena yokutidwa ndi nsalu, ipindeni pang'ono. Ikang'aluka kapena kuyoyoka, isinthidwe basi, osamata ndi tepi. Mupulagi muikemo fyuzi ya 3 amps, osati ya 13 amps yomwe imabwera ndi pulagi, ndipo osayerekeza kuikamo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Nunkhizani thiransifoma. Ikamamveka fungo lopserera ndipo yatulutsa phula lakuda, imani pomwepo, imeneyo ndi nkhani ya mmisiri.

Mdani wamkulu si valavu

Anthu ambiri wailesi ikafa amati "mavalavu apsa". Zoona zake n'zakuti mavalavu ndi olimba kuposa momwe timaganizira, ndipo ambiri a zaka 60 adakagwirabe ntchito. Chomwe chimafa ndi ukalamba, ngakhale wailesi isakuyatsidwa, ndi makapasita.

Alipo amitundu iwiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi aja ang'onoang'ono ooneka ngati timakandulo tofiirira, tomatamata, pansi pa chasisi. M'kati mwawo muli pepala lokutidwa ndi phula. Pepalalo limayamwa chinyezi chaka ndi chaka, ndiye magetsi omwe limayenera kutchinga amayamba kudutsa. Kunja atha kuoneka abwinobwino, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwa onsewa pali mmodzi woopsa kwambiri, amene amapereka mawu kuchoka kuvalavu yapakati kupita kuvalavu yomaliza, monga EL84 kapena UL41. Ntchito yake ndi kulola mawu kudutsa koma kutchinga magetsi amphamvu. Akayamba kudontha, valavu yomaliza ija imakoka magetsi ochuluka, imatentha mopitirira, kenaka imawotcha kathiransifoma kakang'ono kopita kusipika, mwinanso thiransifoma yaikulu. Wailesi itha kumalira ndithu zonsezi zikuchitika, inu n'kumaomba m'manja, koma ili m'kati mofa. Kapasita wa ndalama zochepa amapha chipangizo chomwe simungachipeze m'sitolo iliyonse. Ameneyu asinthidwe wailesi isanayatsidwe. Muyezo wake umakhala utalembedwa pathupi pake, kawirikawiri pakati pa 0.005 ndi 0.05 microfarad; watsopanoyo akhale wa muyezo womwewo kapena woyandikira, wopirira 630 volts. Anzake onse aphula nawonso ndi bwino kuwasintha. Ngati pali wina wolumikizidwa pakati pa mawaya awiri a magetsi ochokera kusoketi, m'malo mwake muikidwe wolembedwa X2, amene adapangidwira malo amenewo.

Amtundu wachiwiri ndi aja a m'chitini cha aluminiyamu, olembedwa manambala ngati 32 kapena 50 microfarad, 350 volts. Awa amasalaza magetsi kuti mawu azimveka oyera. M'kati mwawo muli mankhwala onyowa omwe amauma ndi zaka. Chitini chikatupa kapena kutulutsa zoyera ngati mchere kunsi kwake, chatha. Posintha kumbukirani zinthu zitatu: ali ndi mwendo wa + ndi wa − ndipo mukatembenuza amaphulika, ma volts a watsopano asachepere a wakale, ndipo musaike wamkulu kwambiri poganiza kuti mukuikomera mtima wailesi. Valavu ya EZ80, mwachitsanzo, siyenera kupatsidwa kapasita woyamba woposa 50 microfarad.

Marezisita akale nawo amasintha muyezo, kawirikawiri amakwera. Woti wapyola ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a muyezo wolembedwa, kapena wada bii ndi kupsa, achoke. Koma rezisita sapsa yekha; funani chomwe chamuwotcha.

Langizo lalikulu posintha zipangizo ndi ili: chimodzi chimodzi. Musadule makapasita khumi nthawi imodzi n'kuyamba kukanda m'mutu kuti uyu adali pati.

Kuyatsa koyamba, babu akhale mlonda

Amisiri odziwa sayatsa wailesi yakale mwachindunji. Amadutsitsa magetsi m'babu kaye. Amatenga nthambo yokhala ndi pulagi mbali ina ndi soketi mbali inayo, n'kudula waya wamoto yekha, uja wofiirira kapena wofiira, n'kulumikizapo choikamo babu, kuti magetsi asanafike kuwailesi ayambe adutsa m'babumo. Zonse zikhale zotsekedwa bwino, popanda waya wapoyera. Ngati simudziwa zamagetsi, wina wodziwa akupangireni.

Babu wake akhale wakale uja wakawaya m'kati, wa 60 kapena 100 watts. Mababu a LED ndi aja osunga magetsi sagwira ntchito imeneyi. Nzeru yake ndi yapafupi: ngati m'wailesi muli shoti, magetsi sangapyole omwe babuyo amalola, ndiye m'malo moti thiransifoma ipse, babu amangowala.

Mukayatsa, maso pababu. Akawala pang'ono n'kuzilala, kenaka n'kumangoti psuu mofooka mavalavu akatentha, zinthu zili bwino. Akawala ngwee osatsika, zimitsani msanga, muli shoti. Pamene mukuyang'ana babu, mphuno ndi makutu zikhalenso pantchito. Utsi, fungo lopserera, kuthetheka, kapena chitsulo cha m'kati mwa valavu kufiira ngati khala, zonsezi zikutanthauza kuti zimitsani. Wailesi zina m'malo mwa valavu yowongola magetsi zili ndi chipangizo cha selenium. Chikamapsa chimanunkha ngati mazira owola ndipo utsi wake ndi woipa, tsegulani mawindo mutuluke.

Mverani momwe ikudwalira

Wailesi ili ngati mwana wodwala, imanena yokha pomwe pakupweteka, bola mudziwe kumva.

Ikakhala kuti siyaka n'komwe, ngakhale kababu ka pagalasi, vuto lili pakhomo: fyuzi, nthambo, swichi kapena thiransifoma. Itazulidwa pasoketi, swichi ili yoyatsa, ikani mita pamiyendo iwiri ya pulagi. Pa wailesi yathiransifoma mita imaonetsa ma ohms makumi angapo. Ikapanda kusuntha ndiye kuti penapake paduka. Ikaonetsa pafupifupi ziro, muli shoti. Pa wailesi ya mavalavu a U, tiwaya totenthetsa mavalavu onse tidalumikizidwa mondondozana ngati mikanda paulusi umodzi, choncho valavu imodzi ikaduka onse amazima. Musaganize kuti onse afa. Yezani imodziimodzi: pa mavalavu a miyendo isanu ndi inayi kawaya kotenthetsa kamakhala kawirikawiri pamwendo wa 4 ndi wa 5, pamene pa UL41 ndi anzake a miyendo isanu ndi itatu kamakhala pa 1 ndi 8.

Mavalavu akamayaka koma wailesi ili zii, ikani khutu pasipika. Mukamva kakung'ung'udza kapansipansi, ndiye kuti magetsi akufika ndipo mbali yomaliza ili moyo. Mukapanda kumva kanthu, zulani pasoketi muyese sipika: gunditsani mawaya ake awiri kubatire la tochi la 1.5 volts, yamoyo imati thi thi. Sipika ikakhala bwino, mmisiri ayeze kathiransifoma ka kusipika ndi valavu yowongola magetsi. Amisiri amafufuza chobwerera m'mbuyo, kuyambira kusipika kulowera kueriyo, kufikira apeze pomwe mawu akuthera.

Onaninso mutu wa valavu iliyonse. Yabwino imakhala ndi banga lonyezimira ngati kalilole kapena lakuda m'kati mwa galasi. Ambiri amaliona n'kumati yapsa, chonsecho ndicho chizindikiro cha umoyo. Bangalo likayera mbuu ngati ufa, galasi lang'aluka ndipo mwalowa mpweya. Imeneyo ndiye yafadi.

Ikamalira kuti huuu mwamphamvu, osasintha ngakhale mutsitse voliyumu, ndi makapasita a m'chitini aja. Musaisiye ikulira choncho.

Ikamayamba bwino koma pakapita mphindi zisanu kapena khumi mawu n'kuyamba kusasa ngati munthu wachimfine, ganizirani kapasita wodontha uja wa kuvalavu yomaliza. Mmisiri akayeza pamwendo wa 2 wa EL84 sayenera kupezapo magetsi a +; akawapeza, kapasitayo wadontha, kapena valavu yeniyeniyo yatopa. Zimitsani kufikira zitakonzedwa.

Ikamakhwekhwereza mukamatembenuza voliyumu kapena posintha mabandi, ndi dothi ndi dzimbiri basi. Pali mankhwala opopera otsukira maswichi omwe amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zamagetsi. Poperani pang'ono wailesi ili yozima, tembenuzani kambirimbiri, dikirani ziume. Mafuta ophikira kapena oyilo wagalimoto ayi. Miyendo ya mavalavu nayo imachita dzimbiri, ndipo nthawi zina kungozula valavu n'kuibwezera kangapo kumadzutsa wailesi yomwe anthu adailira maliro.

Mukamatembenuza chosakira siteshoni koma muvi wa pagalasi osayenda, kachingwe kaduka. Musachotse kotsalako musanajambule momwe kadazungulirira timawilo. Ulusi wolimba wosatamuka, ngati uja wosokera nsapato, umagwira ntchito.

Nanga yamabatire?

Amene muli ndi Saucepan Special kapena ina ya mavalavu a D, batire lake lenileni lidasiya kupangidwa kalekale, koma njira ilipo. Batire lija lidali ndi mbali ziwiri: 90 volts ndi 1.5 volts. Mabatire khumi aja ang'onoang'ono amakona anayi a 9 volts mukawalumikiza mondondozana amapereka 90 volts, ndipo batire limodzi lalikulu la tochi limapereka 1.5 volts. Koma apa m'pofunika maso. Tiwaya ta m'mavalavu amenewa ndi topyapyala kuposa tsitsi. Mukasokoneza mawaya n'kupereka 90 volts komwe kumafunika 1.5, mavalavu onse amafa m'kuphethira kwa diso. Tsatani waya aliyense ndi mita musanalumikize, ndipo musadabwe mukaona kuti mavalavuwa sawala ngati enawo. Kuwala kwake n'kovuta kukuona ngakhale mumdima. Dziwaninso kuti 90 volts imaluma.

Yachira koma masiteshoni kulibe

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Wailesi yakonzedwa, ikumveka kuti ili moyo, koma mukasaka mukungomva mkokomo. Musafulumire kunyoza mmisiri. Nyumba zoulutsira mawu za kuno masiku ano zili pa FM, pamene wailesi zambiri zamavalavu zimagwira medium wave ndi short wave basi. Zina za ku Ulaya zomwe zili ndi FM zimalekezera pa 100 kapena 104, osafika pa 108 ngati zamasiku ano.

Kuti mugwire kanthu pa short wave pamafunika eriyo: waya wa mamita 10 mpaka 20, womangidwa m'mwamba kuchoka panyumba kupita kumtengo, kutali ndi mawaya a magetsi. Yesani madzulo ndi usiku, ndi nthawi yomwe mawailesi akunja amamveka bwino. Nyengo yamvula chotsani eriyo kuwailesi mukangomva mabingu. Mkokomo wambiri umachokeranso m'nyumba mwanu momwemo: matchaja a foni, mababu a LED ndi mainiveta a sola. Zimitsani chimodzichimodzi mumve kusintha kwake.

Njira ina yosangalatsa ndi iyi. Wailesi zambiri zili ndi timabowo kumbuyo tolembedwa Gram kapena PU, momwe ankalumikizamo galamafoni. Mmisiri atha kukulumikizirani pamenepo kawailesi ka FM kapena kachipangizo ka Bluetooth, inu n'kumamvera nkhani ndi nyimbo zamakono m'mawu onona aja a mavalavu. Koma izi zichitike pa wailesi yokhala ndi thiransifoma yolekanitsa yokha. Pa ija ya mavalavu a U, nthambo yotero itha kubweretsa 230 volts pafoni yomwe ili m'manja mwanu.

Posankha mmisiri

Si aliyense wokonza mafoni ndi ma TV amene amadziwa mavalavu. Funsani achikulire omwe adayamba ntchitoyi kale, kapena omwe amakonza maampulifaya a oimba, chifukwa ena mwa maampulifaya a gitala adakagwiritsabe ntchito mavalavu. N'chifukwa chakenso mavalavu ngati EL84 ndi ECC83 adakapangidwabe, mwachitsanzo ndi kampani ya JJ Electronic ku Slovakia. Ena monga ECH81 amapezeka otsala akale okha, ndiye wailesi ina yakufa yamtundu womwewo musaitaye, ndi nkhokwe ya zipangizo.

Mukafika kwa mmisiri muoneni zomwe achite. Akangoilandira n'kulunjika nayo kusoketi, itengeni mubwerere nayo. Mufunseni ngati ali ndi babu woyesera uja, ndiponso ngati asinthe makapasita aphula. Lembani mayina a mavalavu onse musanaisiye, iye akuona. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo nenani kuti zipangizo zonse zomwe achotse akubwezereni. Chenjerani ndi uja wonena kuti achotse zam'kati zonse aikemo kawailesi kamakono. Ikatero yatsala ndi bokosi chabe, wailesi ya agogo yapita. Ndipo ngati wailesiyo ndi ya banja lonse, kambiranani kaye ndi abale musanaitulutse pakhomo, kuopa milandu ikakasowa kapena kukaonongeka.

Ikachira, isamaleni. Mavalavu amatentha, choncho isagunde khoma, ndipo kansalu kaja ndi maluwa zichoke pamwamba ikamalira. Musaisiye ikuyaka inu mutachoka kapena mukukagona. Mukamaliza kumvera zulani pasoketi, ndipo magetsi akazima izuleninso kufikira atabwera n'kukhazikika. Muziiyatsako kamodzi kapena kawiri pamwezi, chifukwa kukhalitsa osayaka ndiko kumaononga makapasita a m'chitini.

Ngati mwaona kuti ndalama zokonzetsera palibe pakadali pano, palibe chomwe chaonongeka. Ipukuteni fumbi, ikani pouma posafika makoswe ndi chiswe, ndipo chotsani fyuzi mupulagi kuti mwana wachidwi asadzaiyese inu kulibe. Yadikira zaka zonsezi, itha kudikiranso chaka china.